Tiyi Wonunkha Ndowe

"Lawani nokha! Ndati lawani!" Bambo Ndanena anakankha kapu patebulo mpaka tiyi anatayikira pansalu. "Munthu ndadzuka ndi mtima wabwino, inu mukundimwetsa za m'khola?"

Mkazi wawo ananyamula kapuyo, nainunkhiza, kenako anapsontha pang'ono. Sanalavule ayi. Anamusunga m'kamwa tiyiyo, maso ali kudenga, ngati munthu amene akulawa mchere.

"Ndowe," anatero atameza. "Ya ng'ombe, osati ya mbuzi. Koma yalowamo bwanji?"

"Hoo, mwayamba 'bwanji' wanu uja! Ine ndinati mutenge ndowa mukatunge madzi, kaya inu munamva ndowe."

"Ndowa yanga ndinaitsuka ndi mchenga dzulo lomweli. Ndi madziwo, bambo. Ndawaona potunga kuti ndi otuwa, koma ndimayesa ndi maso angawa."

Mayiwa dzina lawo lenileni lidaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Bwanji, poti sankalola chinthu kuwadutsa osachifunsa. Wailesi ikafa ankaitsekula kumbuyo, nkhuku ikafa ankaing'amba kuti aone chaipha. Amuna awo ndiye anali osiyana nawo kutalitali. Iwo nkhani iliyonse ankaitseka ndi liwu limodzi, ndipo liwulo ndi lomwe lidasanduka dzina.

"Palibe za bwanji apa," anatero a Ndanena. "Ndani akuyenda ndi ndowe pamutu masiku ano? Si mlamu wanga uja?"

"Amene mudamutuma ndinu."

"Ndidamutuma kuti azipititsa kwa amisiri akuboola chitsime changa chatsopano, osati kukatsanulira m'chitsime chomwera. Nsanje, mayi, nsanje! Waona kuti ine ndiika pampu, ndizithirira dimba lonse nditakhala pansi, iye akuthyoka msana ndi keni."

"Nanga iyeyo akumwa kuti? Ana ake akumwa kuti? Munthu angaipitse bwanji chitsime chimene adakumba mwamuna wake, chili m'dimba lake lomwe?"

"Dimba lake? Lake liti? Mng'ono wanga adamwalira, ndipo nthaka ija ndi ya bambo athu. Ndamusunga mokwana. Mwezi uno usanathe amange katundu, azipita kwawo."

"Kwawo kuti, bambo, poti makolo ake adatha? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu mukadzatsogola, inenso adzandinunkhiza tiyi?"

"Ndanena!"

Anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. A Bwanji anatsala ndi kapu m'manja. Mtima unawawawa ndithu chifukwa cha mnzawoyo, koma kunena zoona, chimene chinkawayabwa kwambiri chinali china. Chitsime chija chinali ndi chivindikiro. Ng'ombe sizinkafika kumeneko. Anamwanso tiyi uja pang'ono, kuti atsimikize.

Dimba linali kumunsi kwa nyumba, logawidwa ndi mzere wa nthochi. Mbali yaikulu inali ya a Ndanena. Mbali yaing'ono, yomwe inali ndi chitsime chakale, ndiyo inkadyetsa mlamu uja, mayi wamng'ono, ndi ana ake awiri. A Bwanji anamupeza atawerama pabedi la anyezi, keni ili pambali.

"Mwamva kale?" anafunsa.

"Mawu a alamu samveka mobisa, akulu. Ngakhale nthochizi zamva." Mayi wamng'ono sanadzutse mutu. "Ine ndinkati ndikuthandiza. Anati amisiri akufuna ndowe, ine m'mawa uliwonse kukhola, ndowa pamutu, ntchentche pambuyo. Lero ndowe yomweyo yasanduka mboni yondithamangitsa."

"Tandiuzani ngati mnzanu. Simunatsukirepo ndowa ija pafupi ndi chitsime? Mwina mwangozi?"

Apo ndiye anadzutsa mutu, maso atafiira. "Inunso, akulu?"

"Ayi, sindikukunamizirani. Ndikungofuna kudziwa kuti yalowamo bwanji."

"Inu mukufuna kudziwa, ine ndikufuna pogona ana anga. Ndowayo ndimaisiya kwa amisiri komweko. Ndipo kuyambira lero sindisenzanso. Akufuna ndowe akatenge okha."

A Bwanji anachita manyazi, koma manyazi sanawachotsere funso. Anadutsa pakati pa nthochi n'kulowa mbali ya amuna awo, pomwe ntchito inali mkati, mapazi ochepa chabe kuchokera pamalire.

Amisiri anali atatu. Anali atazika mitengo iwiri, n'kupingasa wina pamwamba, ndipo pa wopingasawo panatsamira mtengo wautali ngati wa katungwe wa ana. Kunsonga kwake anamangako paipi yachitsulo yolowa pansi. Anyamata awiri ankakankha mtengowo pansi ndi kuukweza, paipi n'kumadumpha m'dzenje lodzaza madzi, thi, thi, thi. Mkulu wawo anaima pathabwa, chikhatho chake chili pakamwa pa paipi. Paipi ikamakwera ankatseka, ikamatsika ankatsekula pang'ono, ndipo matope ankafwamphuka n'kumuthira kumaso ndi pachifuwa. N'chifukwa chake anthu ankamutcha Wamatope. Munthuyo pankangooneka mano okha.

"Pepani abambo," anatero a Bwanji atapeza kampata, "dzanja lanulo likugwira ntchito yanji pamenepo?"

Wamatope anaseka, nauza anyamata kuti apume. "Mayi, anthu onse amabwera kudzafunsa kuti madzi atuluka liti. Inu nokha mwafunsa za dzanja. Dzanjali likatseka, paipi imayamwa dothi lapansi. Likatsekula, imalavula. Ndi m'mene timatsikira, pang'onopang'ono."

"Nanga ndowe ndi yachiyani? Chitsime chimadya manyowa?"

"Iyayi! Ndoweyo timasungunula m'kadzenje aka kuti madzi alimbe ngati phala. Phalalo likamazungulira m'dzenje limamata m'mbali, mchenga usagumukire paipi. Tikamaliza timatsuka zonse. Taonani apa."

Anawaonetsa timilu tadothi tondandalikidwa paudzu. Kuyambira kumanzere panali dothi lakuda, kenako lamakande, kenako mchenga wosalala, ndipo kumapeto mchenga waukuluukulu wosakanikirana ndi timiyala. A Bwanji anagwada n'kutapa wakumapetowo, naufikisa m'zala. Unali wozizira. Zaka zonsezi akuponda dimba limeneli, sankadziwa kuti pansi pake pali mchenga wa mumtsinje.

"Umenewo ndiye mkazi amene tikumufunsira," anatero Wamatope. "Madzi amakhala mmenemo. Koma ndi wadyera! Chifikireni pa iye, dzenje likungomwa phala lathu. Tithira, lamwa. Tithira, lamwa. Mayi aja atopa nayo ndowe."

"Likumwa? Ndiye phalalo likupita kuti?"

Wamatope anakanda m'mutu, matope n'kugwa. "Apo ndiye mwandipeza. Ine pansi ndimaona ndi chikhatho, sindinalowemo. Likamwa timangothokoza kuti mchenga ndi wabwino."

"Layamba liti kumwa?"

"Dzana, chakumasana."

A Bwanji anatembenuka n'kuyang'ana kupyola nthochi. Chivindikiro cha chitsime chakale chinkaoneka bwinobwino. Pobwerera kunyumba anapita atamanga mchenga uja pansonga ya nsalu yawo.

Mawa lake mano a paipi imodzi anatha, ndipo amisiri ananyamuka kukawotcheretsa. Anati abwera msanga, koma msanga wa mmisiri mumaudziwa. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Masiku amenewo madzi a m'chitsime chakale anayamba kuyera, fungo n'kumachepa, mpaka tiyi anabwerera mwakale.

"Mwaona?" anatero a Ndanena akupsontha mokoma. "Ndangomukalipira kamodzi, wasiya. Mukufunanso umboni wina?"

"Amisirinso asiya, bambo."

"Amisiri akukhudzana bwanji ndi tiyi wanga?"

"Eya, mwafunsa bwino. Ine ndikuganiza kuti phala lawo lija likuyenda pansi, mumchenga, n'kukatulukira..."

A Ndanena anaseka mpaka kutsamwa. "Ndowe yamera miyendo? Ikuyenda pansi ngati mfuko? Mayi, mafunso adzakupengetsani. Pakati paja pali nthaka yolimba, pali mizu ya nthochi, pali malire amene ndidaika ine ndi manja anga."

"Madzi saiwala khwawa."

"Khwawa lake liti? Mudaliona? Ine lero ndikukagula loko. Chitsime chija ndikhoma, kiyi azikhala m'thumba mwanga. Wofuna madzi azipempha kwa ine, ndione ngati ndowe idzalowenso. Ndipo akachoka mlamuyo, chitsime chimenecho chidzakhala dzala, tizitayamo zinyalala. Ndanena!"

Anachitadi. Anakhomera chitsulo pachivindikiro, nakhoma, kiyi n'kumumanga pachingwe cha lamba. M'mawa ankatsekula kanthawi kochepa kuti nyumba ziwirizo zitunge akumwa, basi. Othirira ayi. Mayi wamng'ono anayamba kukatunga kumtsinje, kutali, keni imodziimodzi, pomwe dzuwa linali loswa mtengo. Anyezi anayamba kugona. Tomato anapinda masamba. A Bwanji akamadutsa ankayang'ana kumbali, poti zinkawapweteka, komanso poti iwo eni ankamwa madzi a loko yemweyo.

Tsiku lina anamupeza mnzawoyo akumanga mapoto m'chiguduli.

"Mukutani?"

"Azakhali anga ena akuti ndikhoza kukakhala kukhitchini kwawo mpaka ndione pogwira. Ngolo ibwera Loweruka. Ndipirire chiyani, akulu? Anyezi afa. Amene akanandiyankhulira ali kumanda."

"Musamange zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo muziiona inu. Ine ndatopa."

Amisiri anabwerera Lachinayi, paipi itawotcheredwa. Asanayambe n'komwe, Wamatope anafunsa ndowe. A Ndanena anayang'ana uku ndi uku, wosenza panalibe, ndipo iwo eni sakanalola kuti anthu awaone ndi ndowa yandowe pamutu. Anati aona chochita, napita kumsika.

Apo a Bwanji anasendera pafupi. "Abambo, phala lanu lija, ndi ndowe yokha imene imalimbitsa? Dothi silingathe?"

"Dothi lomata bwino limatha, mwinanso kuposa. Kungoti ndowe sivuta kupeza."

"Nanga katondo, wofiira uja timaumbira njerwa?"

"Ameneyo ndiye mfumu yake! Koma asenza ndani?"

"Ine."

Anasenzadi. Kuseri kwa khola kunali nkhuti yomwe adakumbamo dothi la njerwa za nyumba yawo. Tsiku lonse a Bwanji anali pakati pa nkhuti ndi dimba, khosi likulira, thukuta lofiira likutsika m'masaya. Anyamata ankapondaponda katondoyo m'kadzenje mpaka phala linafiira ngati magazi a nkhuku. Paipi inayambanso thi, thi, thi, ndipo dzenje linayambanso kumwa.

"Mayi, inu ndi ndani kodi?" anafunsa Wamatope. "Mkazi wa bwana kusenza dothi chonchi, kukondwa ngati mwatola ndalama?"

"Ndikufunsa funso, abambo. Pakamwa pandikanika, ndiye ndikufunsa ndi dothi."

Lachisanu m'mawa anathamangira kuchitsime pamene amuna awo ankatsekula. Madzi anatuluka oyera mbee. Mtima wawo unagwa. Mwina analakwitsa. Mwina ndowe siyendadi pansi, ndipo iwo angothyola khosi pachabe, mnzawo akupita ndithu. Komabe anabwerera kunkhuti, poti kusiya funso pakati sankadziwa. Anasenza mpaka dzuwa kupendeka, ndipo madzulo anangopempha chinthu chimodzi.

"Bambo, kiyi uja musam'patse munthu aliyense. Ngakhale ine."

"Ndidayamba ndakupatsani?"

Loweruka kunacha ngolo itaima kale pakhomo pa mayi wamng'ono. Ana anali atakhala pamitolo, wamng'onoyo atakumbatira nkhuku. A Ndanena anatuluka atavala jekete, nkhope ili ngati ya munthu amene akugwira ntchito yowawa koma yoyenera.

"Tiyi ali kuti?"

"Madzi kulibe. Tiyeni mukatsekule. Ndipo lero mutunge ndinu, ine khosi lauma."

Popita a Bwanji anaitana mnzawo. "Mayi wamng'ono, bwerani mutungireko ana madzi a panjira." Anakuwiranso kupyola nthochi. "Abambo a matope, tabwerani mudzaone kanthu!" Mawu ankatuluka olimba, koma mantha analipo. Madzi akatulukanso oyera, ndiye kuti aitana anthu kudzaonerera manyazi awo.

A Ndanena anamasula kiyi palamba, natsekula, nakankha chivindikiro. Anaponya ndowa. Chingwe chinatsika, kunamveka phuu, ndipo anayamba kukoka akung'ung'udza za akazi aulesi. Ndowa itafika pamlomo pa chitsime, anasiya kung'ung'udza.

Madzi anali ofiira. Osati kwambiri ngati phala la amisiri, koma ofiira ndithu, ngati a m'chithaphwi cha pamsewu mvula yoyamba.

"Mayo ine!" anakuwa a Bwanji, n'kuwomba m'manja ngati kamtsikana. Anaviika dzanja, nafikisa zala, nanunkhiza. "Wafika! Katondo wanga wafika! Wayenda masiku awiri, koma wafika!"

"Ndi dzimbiri la ndowa ili," anatero a Ndanena.

"Ndowa yapulasitiki, bambo?"

"Ndiye kuti wina wathiramo dothi."

"Eya, tiyeni tim'funefune. Kiyi anali ndi ndani?"

A Ndanena anagwira palamba, nasiya. Wamatope anali atagwada kale, mutu uli m'chitsime, akuseka yekha.

"Taonani, taonani! Akutulukira apo, m'mbali, chakumunsi kwa njerwa, mbali ya kwathu. Ha! Zaka zonsezi ndikuboola, ndinali ndisanaone kumene phala langa limapita. Bwana, mchenga ndi umodzi uwu. Chitsime ichi ndi chanu chija zikumwera mbale imodzi." Anadzuka akupukuta manja. "Ndiye paja munkati mudzasandutsa dzala? Musayerekeze. Mukadzatayamo khoswe wakufa muno, mudzam'lawa kupaipi kwanu. Ndiponso pampu yanu ikamadzakoka kwambiri, muno madzi azidzatsika. Muzidzapangana nthawi yothirira."

Wamatope anayang'ana nkhope zawo, nayang'ana ngolo kumtunda, ndipo kuseka kunamuthera. Anabwerera kuntchito yake mwakachetechete.

"Bambo," anatero a Bwanji, tsopano mosaseka, "ndoweyo inali yanu. Munaitanitsa ndinu, yalowa pansi pa dimba lanu, yabwera yokha kudzakupezani m'kapu. Koma ine chikundiwawa si chimenecho. Chikundiwawa n'chakuti simunafune n'komwe kudziwa. Tiyi atanunkha munakondwa. Mumafuna mabedi awa kuti paipi yanu idutse mowongoka, ndipo ndowe inangokupezerani chonena."

"Mayi, samalani pakamwa."

"Ndasamala zaka zambiri. Awa ndi ana a mng'ono wanu, awo akhala pamitolowo."

Mayi wamng'ono nthawi yonseyi anali chiimire, manja atapinda pachifuwa. Sanalire, sanakondwe. Anayandikira ndowa ija, nayang'ana madziwo nthawi yaitali.

"Alamu," anatero motsitsa, "tsiku limene ankakumba chitsime chino, inu ndi amene munkakoka chingwe, mng'ono wanu ali pansi. Ndinkakuphikirani nonse awiri. Pamwamba pano mwadzala nthochi, mwakhoma loko, mwaitana ngolo. Koma pansipa ngakhale mchenga ukudziwa kuti ndife nyumba imodzi. Otsala ndinu nokha." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni kiyi."

A Ndanena anatsekula pakamwa. A Bwanji anadikira liwu lija, poti ankalidziwa ngati chifuwa chawo chomwe. Silinabwere. Bamboyo anayang'ana kumtunda, kumene wangolo ndi ana anali kuwayang'ana, nayang'ana kunthochi, kumene amisiri ankanamizira kumanga chingwe. Kenako anaika kiyi m'dzanja la mlamu wawo. Kupepesa sanapepese, tisanamizane. Anangoti, "Wangoloyo muuzeni azipita," ngati kuti ngoloyo inabwera yokha.

Mayi wamng'ono sanapite kungolo msanga. Ananyamula ndowa ya madzi ofiira ija n'kupita nayo pabedi la anyezi, nayamba kuthira ndi dzanja, phando ndi phando, kufunafuna amene anali asanafe. Analipo, koma ochepa.

A Bwanji anatola chingwe kuti atungenso. Amuna awo anali asanachoke. Anali atawerama pachitsime, manja pamawondo, jekete likukhudza matope, akuyang'anitsitsa pamene kamzere kofiira kankatuluka pakati pa njerwa.

"Koma mayi," anatero mosatembenuka, mawu ali ang'onoang'ono, "wadutsa bwanji pansi pa nthochi zonsezi?"

A Bwanji anamasula nsonga ya nsalu yawo, natsanulira mchenga uja m'chikhatho cha amuna awo.

"Mwayamba mochedwa, bambo, koma gwirani apa ndikuonetseni. Safunsa adadya phula. Inu mwamwa ndowe."